Mazira a Matemba Pansi pa Thadzi

Kusukulu kwathu, kuseri kwa Kachebere, maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, inabwera pa njinga itakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Inali nthawi ya mvula zoyamba, ine ndili Sitandade 7, m'zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Aphunzitsi athu a sayansi, a Mbewe, anakaibwereka kwa ansembe, ndipo anatiuziratu kuti Lolemba masana ibwerera kwa eni ake. Siinkayendera magetsi. Kunsi kwake kunali kagalasi kozungulira kotapira kuwala kwa dzuwa, moti kukachita mitambo sayansi inkayamba yaima.

A Mbewe ankafuna mazira a nsomba amoyo, ndipo amene ndinawapeza ndine. Madzi akasefukira kudambo, matemba ankakwera kudzaikira m'maudzu, ndipo ine wopita kumeneko ndi ndowa m'mawa uliwonse ndinkadziwa pamene ankaphiriphitha. Lachinayi ndinazula udzu womatirira timikanda toonekera ngati madzi, n'kuuika m'kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa. Aphunzitsi anandiyamikira pamaso pa kalasi yonse. Atatha kuyamikirako anati tiime pamzere, anyamata kutsogolo.

Mzerewo unkayenda ngati wa kuchigayo. Aliyense akaika diso ankakakamira pomwepo mpaka anzake amukoke malaya. Wochokako ankabwera kudzatisimbira ife akumbuyo kuti dziralo n'loonekera mkati, ndipo muli kanthu kopindika kokumbatira kampira. Wina analumbira kuti kamuyang'ana. Nditatsala pang'ono kufika, mtambo wochokera ku Zambia unaphimba dzuwa, m'kalasi munada, a Mbewe n'kuvundikira makina awo.

Lachisanu dzuwa linawala bwino lomwe. Anyamata anaonanso, ati tsopano kamera maso ndipo mchira ukugwedezeka. Ife atsikana tinali pabwalo, poti amayi apampando a chipani anabwera kudzatiphunzitsa chimtali chokavinira mlendo wamkulu pamsonkhano. Zimenezo munthu sunkafunsa kuti bwanji. Ndinavina, ndipo amayiwo anati ndikuvina ngati ndakwiya. Sananame.

Poweruka a Mbewe anandipatsa kabotolo kaja. "Felesiya, mazirawa ndi ako, ukawasunge. Pamthunzi, osatseka pakamwa. Lolemba adzakhala ataswa, ndipo mtima wa kansomba udzauona ukugunda. Woyamba kuona udzakhala iwe."

Kunyumba ndinakaika pakhonde kuseri kwa mtondo, n'kuchenjeza azing'ono anga kuti wokakhudza aona zakuda. Atate okha ndinawafotokozera mwaulemu kuti muli mazira ofunika aswe pofika Lolemba. Anakayang'anitsitsa kabotoloko, n'kugwedeza mutu. Atate anali munthu wosalankhulalankhula, wodziwa nkhuku kuposa aliyense m'mudzi mwathu, ndipo ankandikonda kwambiri. Ndinali ndisanadziwe kuti zinthu zitatuzi zikakumana pamagwa ngozi.

Loweruka ndinatsagana ndi amayi kukapalira mtedza. Pobwera masana, kabotolo panalibe. Atate anali pakhonde akusema mpini, nkhope ili ya munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

"Usade nkhawa, mama," anatero. "Paja unaika paja m'pozizira, sakanaswa. Ndawapereka kwa mwini ntchito."

Mwini ntchitoyo anali thadzi lathu lamawangamawanga, limene linali litangoyamba kufungatira. Atate anatseka kabotolo ndi chitsononkho kuti madzi asatayike, n'kukagoneka pakati pa mazira a nkhuku. Thadzilo silinakane. Pamene ndinkapisa dzanja pansi pake, ilo likundijompha, kabotolo kanali kofunda ngati tiyi, ndipo timikanda tonse tinali titayera mbuu. Ndinalira kulira kuja kosatulutsa mawu. Lamulungu ndinathamangira kudambo, koma madzi anali ataphwa m'maudzu, matemba atabwerera kwawo.

Lolemba atate anavala jekete la kutchalitchi n'kunditsatira kusukulu pa njinga yawo. Anavula chipewa pakhomo la kalasi, nafotokoza zonse osachotsapo kapena kuonjezera. Anyamata anaseka mpaka kugwa m'mabenchi. A Mbewe sanaseke, ngakhale ndevu zawo zinkavutika.

"Thadzi limeneli layamba liti kufungatira, bambo?" anafunsa.

"Lachisanu lomweli, aphunzitsi."

"Ndiye mlandu wanu ndi dzira limodzi. Likafike kuno lili lofunda."

Kwathu dzira la pansi pa thadzi silinkakhudzidwa, chifukwa imeneyo inkatengedwa kuti ndi nkhuku kale, yodzaphera mlendo. Ife atsikana ngakhale dzira wamba sitinkaloledwa kudya. Koma atate sanatsutse. Anakwera njinga, ndipo posachedwa anabwera nalo lili m'khwapa, akupalasa ndi dzanja limodzi pachiwongolero.

A Mbewe analiswa pang'onopang'ono m'kambale. Pamwamba pa chachikasu chija panali kabwalo ka timitsempha tofiira, topyapyala kuposa ulusi. Anakanyamula ndi kapepala koboola pakati, n'kukaika pagalasi m'timadzi tofunda tamchere. Analozetsa kagalasi kakunsi kaja kudzuwa, anakankha anyamata ndi chigongono, n'kuitana dzina langa.

Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Kenako kuwala. Kenako kanthu kopindika ka mutu waukulu, ndipo pachifuwa pake kathumba kofiira kakufinya n'kumasuka, kufinya n'kumasuka. Magazi ankayenda m'timitsempha tija, timadontho totsatizana, osasochera njira. Ndinaiwala kupuma. Palibe amene analimba mtima kundikoka malaya.

Kalasi yonse itaona, aphunzitsi anaitana atate. Anawerama manja ali kumbuyo, kuopa kuononga katundu wa ansembe, ndipo anakhalitsa pamenepo. Kenako, osachotsa diso, anati, "Kakuchepa mphamvu." Patapita kanthawi anati, "Kaima."

Anaweramuka n'kuyang'ana zigoba ziwiri za dzira zija patebulo.

"Aphunzitsi, sitingakabwezeremo?"

A Mbewe anati sizingatheke. Ulendo uno palibe anaseka.

Masiku ano mdzukulu wanga wamkazi, amene akuphunzira sayansi kukoleji, amandionetsa pafoni mazira a tinsomba tina tamizeremizere takunja akukula pansi pa maikulosikopu. Kadontho kamagawika pawiri, panayi, mpaka kutuluka maso, mchira ndi mtima, iwe uli khale pampando. Choncho zam'kati mwa mazira a nsomba ndadzaziona ndili ndi imvi, ndipo ndivomereze, n'zokongoladi. Tsiku lina anandionetsa lina limene linafera panjira, ndipo ataona kuti ndakhumudwa anangokhudza ndi chala, kanemayo n'kubwerera kumbuyo, kamtima n'kuyambanso kugunda. Atate anamwalira mafoni asanafike kwathu. Akanaikonda foniyo. Kubweza zinthu m'mbuyo chomwecho, n'zokhazo zimene anapempha tsiku lija.