Achimwene anga ndi diresi lachikasu

Achimwene anga anali dalaivala wa lole. Zaka khumi ndi ziwiri pamsewu, osagundako ngakhale nkhuku. Tsiku lina kamwana kanathamangira mpira kutsogolo kwawo, mabuleki n'kugwira mochedwa. Kanafera pomwepo. Akhoti anati alibe mlandu. Iwo anangobweza makiyi kwa bwana, n'kudzakhala kwathu m'kachipinda ka kuseri. Anayamba kumata matayala pakona ya msewu wathu.

Munthu woimba akamasamba uja anasanduka moto. Wanjinga akangodandaula kuti chigamba chamatuka, sipanala inkauluka. Wogulitsa nsapato anamukanyanga pakhosi chifukwa choseka mokweza. Mkazi wawo anathawa. Anthu anawapatsa dzina loti Chiphaliwali. Ine ndinkangoona, pakamwa panga m'polemera chibadwire.

Kamphuno, mwana wanga wa zaka zinayi, ndiye ankawakonda amalume akewo. Loweruka lina m'mawa ndinamuveka diresi latsopano lachikasu, iye n'kuthamanga kukawaonetsa. Ndikuchapa, ndinamva kukuwa. Ndinawapeza atamugwira mkono umodzi, timiyendo tili m'malere, akumukwapula ndi mphira wa chubu.

"Pamsewu ayi! Ndati pamsewu ayi! Ukufuna kufa iwe?"

Mwanayo pamsewu sanafikepo n'komwe. Anali pakhonde la telala.

Amuna anga anatulukira akuthamanga. "Alamu, musiyeni mwana!"

Achimwene anatembenuka ndi chitsulo chovulira matayala. Ndinamva fupa la mkono wa amuna anga likuti thyo! Amuna anga anawapatsa chibakera ndi dzanja lotsalalo, onse n'kugwera m'beseni loyesera machubu, magazi a m'mphuno kusakanikirana ndi madzi akuda aja. Anachita kuwaleretsa amuna atatu.

Kuchipatala, akuwaika chikhakha, amuna anga anati, "Pofika Lolemba ndisamupeze pakhomo panga."

Achimwene analibe kolowera. Makolo athu anatisiya kale.

Namwino amene ankapaka Kamphuno mankhwala m'miyendo anandifunsa mwakachetechete, ine n'kufotokoza zonse. Anandilozera chitseko cha kumapeto kwa khonde. "M'menemo muli mayi wa uphungu. Anaphunzira za mabala osaoneka. Abweretseni."

Sindidziwa kumene ndinatenga mawu, koma ndinawapempha amuna anga mwezi umodzi.

"Umodzi basi," anatero. "Ndipo mwana wanga asamuyandikire."

Achimwene atamva za uphunguzo anakalipa. "Ndapenga ine? Bwanji osangondimanga unyolo?"

Ndinangomutembenuza Kamphuno kuti aone mikwingwirima ija. Anavala nsapato.

Chipindacho chinali ndi mipando iwiri, wotchi ya pakhoma ndi duwa lofota pawindo. Ine ndinkadikira pabenchi panja. Tsiku loyamba ndinamva mpando ukumenyetsedwa kukhoma. Ndinadzidzimuka, koma mayi uja ndinamumva akuti, "Mpando ndi womwewo, bambo, wina tilibe. Udzutseni tipitirize."

Lachitatu lililonse tinkapita. Anawaphunzitsa kuti manja akayamba kutentha aziwaviika m'beseni lija, n'kumapuma pang'onopang'ono mpaka mtima utatsika. Tsiku lina wanjinga anawatukwanira amayi athu omwe. Ndinaona sipanala ili m'manja. Anaiponya, koma pansi. Manja onse thibu m'madzi.

"Chiphaliwali, lero mukuwedza nsomba?" anakuwa telala.

"Soka zako iwe," anayankha, osadzutsa mutu.

Ulendo wachinayi anatuluka maso ali psuu. Tili m'njira anaima.

"Mlongo wanga, kamwana kaja kanavala chachikasu." Izi anali asanauzeko munthu, ngakhale mkazi wawo. "Ndikatsinzina ndimakaona. Tsiku lija sindinaone Kamphuno ine. Ndinaona kaja, kakuthamanganso."

Anati mayi uja wawauza kuti chifukwa chadziwika, koma mikwingwirima sifufutika ndi chifukwa. Akapepese okha.

Mwezi utakwana achimwene anatulutsa chikwama chawo n'kuchiika pakhomo. Anagwada pamaso pa amuna anga, kenako pamaso pa Kamphuno, amene anabisala kuseri kwa siketi yanga.

"Alamu, ndinalakwa. Mukati ndizipita, ndipita."

Amuna anga anakanda m'mphepete mwa chikhakha. Kenako analoza njinga yawo ndi chibwano.

"Tayala laphwa lija. Ndi dzanja limodzi sindingapope. Mupopa, kapena mukudikira kuthyola linali?"

Chikwama ndinachibwezera ndekha m'kachipinda.

Mpaka pano achimwene amapitabe kwa mayi uja Lachitatu, tsopano okha. Kamphuno akaona chubu m'manja mwawo amathawabe, iwo amachiika pansi msanga n'kuonetsa manja. Diresi lija lili pansi pa sutikesi. Dzulo achimwene anandifunsa ngati likumukwanabe Kamphuno.

"Usalitaye," anatero. "Ndidzakuuza tsiku loti adzalivalenso."