Nyale ya Tiyamike ndi tebulo lathu losadyerapo

Mukandiona ndi chotupa pachipumi sabata ino, musayambe kunena za amake Tiyamike. Sanandimenye ayi. Yandigunda ndi nyale.

Mwana wathu Tiyamike amagwira ntchito ku Lusaka, yokonza mmene kuwala kukhalire m'mahotela ndi m'nyumba za anthu. Ndivomere pompano kuti ntchitoyi imandichititsa manyazi. Ine ndinakalambira kufakitale ya feteleza, komwe ntchito inkaoneka ndi thukuta. Tsono anzanga akutchalitchi akandifunsa, ndimangoti "ali ku zamagetsi", n'kusintha nkhani msanga kuti aziganiza kuti ndi injiniya. Ndinganene bwanji kuti mwana amene ndinamuphunzitsa mpaka kukoleji amasankhira anthu mababu?

Lachiwiri lapitali anatitumizira bokosi. M'katimo munali nyale yagalasi lobiriwira, yooneka ngati chipanda, yolendewera pa nthambo yaitali. Iyi ndi nyale yoyamba imene iye wajambula yekha, ndipo amisiri anaiumba ndi mabotolo osungunula. Pakapepala analemba kuti tiipachike pamwamba pa tebulo lodyera, itsike pafupi, ndipo tiikemo babu limene anatumiza. Anati abwera Loweruka kudzaiona.

Vuto ndi loti tebulo lodyera la kwathu silidyerapo munthu. Pamakhala zovala zosita, wailesi yakufa, mbewu za repu ndi mabuku a nyimbo. Ine ndimadyera pa sofa maso ali pa TV, amake Tiyamike amadyera kukhitchini. Ndipo musandiseke, chifukwa ndalowa m'nyumba zambiri kuno ku Kafue Estates.

Ndinaitana Ba Sakala, amene amakonza magetsi m'dera lathu. Anaitembenuza nyale ija, anayeza nthambo ndi mkono, n'kupukusa mutu.

"Bamdala, aba banthu ba ku Lusaka baononga chabe ntambo. Laiti siikhala pansi so. Muzazipweteka."

Anayatsanso babu lija, kuwala kwake kwachikasu, kofatsa.

"Iyi ni kandulo. Bamugulisa yakufa mwana wanu."

Ndinagwirizana nawo, poti nanenso ndinkaganiza zomwezo. Chinthu chokongola chonchi chikabisike kuchipinda chodyera kumene alendo safika? Tinaipachika pabalaza, pakati penipeni. Nthambo Ba Sakala anaikulunga n'kuimanga mfundo kudenga, n'kuikamo babu loyera mbee, la mtundu umene timaika panja poopseza akuba. Amake Tiyamike anamaliza ntchito poikuta nyale yonse ndi pulasitiki, kuopa fumbi ndi ntchentche.

Anansi anabwera kudzaona. Onse anayamikira, maso ali otsinzina.

Loweruka masana Tiyamike anafika. Analowa akuseka, anayang'ana kudenga, kuseka kuja n'kuthera pomwepo. Ndinayembekeza kuti akalipa, koma anangokhala pansi, chikwama chili m'manja.

"Mwaimanga monga mbuzi," anatero motsitsa mawu. Kenaka anandiyang'ana. "Ba dadi, muziba nchito yamene nigwira?"

Funso limeneli linandilasa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti "zamagetsi", koma ndinaona kuti mwanayu akudziwa kale zimene ndimauza anthu. Ndinachita manyazi kuposa aja a kutchalitchi.

Nanga ife kuwala timakudziwa bwanji? Kwa ife babu labwino ndi limene limaonetsa chilichonse, mphemvu pakhoma ndi singano pansi. Timayatsa balaza ngati chipinda cha opaleshoni, kenaka n'kumadabwa kuti aliyense akuthawira kuchipinda kwake ndi foni. Ndipo chinthu chikakhala chabwino, timati ndi cha alendo. Makapu abwino ali m'kabati, akudikira mlendo amene sanabadwe. Sofa ili m'pulasitiki, timakhalapo n'kumaterereka. Eni nyumbafe timakhala ngati alonda a katundu wathu yemwe.

Tiyamike sanatilalikire zonsezi. Anavula nsapato, anakwera pampando, anamasula mfundo ya Ba Sakala, anachotsa pulasitiki, n'kukaipachika nyale pamwamba pa tebulo lodyera ndi babu lake lija. Ine anandituma kuchotsa katundu patebulo, ndipo pansi pa mabuku a nyimbo ndinapeza magalasi anga amene ndinawasaka chaka chatha mpaka kukayikira anansi. Mwana anayeza ndi tepi kuchokera patebulo kupita m'mwamba, anatsitsa nyale, anakhala pampando, anaimirira, anaikwezako pang'ono, anakhalanso. Anandiuza kuti babu lisalase m'maso mwa munthu wokhala pansi, koma kuwala kugwere pambale ndi pankhope. Mthunzi nawo, akuti, amachita kuukonza dala.

"Nchito yanga si kuonesa nyumba, ba dadi. Ni kuitana banthu pamene bafunika kunkhala."

Kutayamba kuda anazimitsa babu la pabalaza n'kuyatsa nyale yake. Kuwala kunagwa patebulo pokha, kozungulira ngati lichero, makoma n'kukhala obiriwira pang'ono. Palibe anaitana mnzake. Amake Tiyamike anabwera ndi mbale zawo kuchokera kukhitchini, ine ndinasiya nkhani za pa TV zili pakati. Poimirira kuti nditenge mchere, nyale inandigunda pachipumi. Apa pokha Ba Sakala sananame.

Nditakhalanso pansi ndinayang'ana mkazi wanga, ndipo ndinaona imvi m'mbali mwa duku.

"Amake Tiya, imvi izi zabwera liti?"

"Zinabwera kudala, kalekale. Imwe munali ku nyuzi."

Tiyamike anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinaseka nawo, koma mumtima munandiwawa. Mkazi amene ndimagona naye nyumba imodzi wachita imvi ine osaona, pansi pa babu loonetsa singano.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, Ba Sakala anaona chipumi changa n'kumwetulira ngati mneneri.

"Ninakuuzani, bamdala. Nibwere mailo niikwezeko?"

Ndinawakaniza kubwera mawa lakelo. Pomwepo mkulu wina wa mpingo anandifunsa kuti mwana uja anabwera dzulo amagwira ntchito yanji ku Lusaka. Tiyamike anali pambali panga, akuyang'ana pansi.

Ndinati amakonza kuwala, ndipo nyale yake yatibweza patebulo ine ndi amake. Ndinanena mokweza, mwina mopitirira muyeso, mpaka amayi akwaya anatembenuka.

Chotupachi chiphwa. Nanga inu, patebulo lanu lodyera pali chiyani lero?