Kabokosi kaiwala mphindi za madzi

Lachiwiri lapitali ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kuchokera pa Balaka kupita chakufupi ndi Utale, kwa mlamu wanga a Lackson, amene amalima matimati pa sikimu ya mthirira. Ndisaname, ndinkatsatira matimati aulere. Ndinabwerako mutu uli zunguliru.

Ndinawapeza pa kanyumba ka mapampu, alimi anzawo atadzaza pakhomo. Magetsi anazima Loweruka, ndipo atayakanso madzi sanapitenso kuminda. Dzuwa la ku Balaka mukulidziwa. Matimati anali atayamba kufota, maluwa akuyoyoka.

M'kanyumbamo muli kabati yachitsulo, ndipo m'kati mwake muli kabokosi kotuwa ka timagetsi tophethira. Ndi kamene kamatsegula ndi kutseka mavavu, kugawira madzi zigawo za minda mosinthana. Komiti inali itaitana katswiri wa ku Blantyre, mayi wina dzina lake a Tamanda, ndipo ndinawapeza atalumikiza laputopu yawo ku kabokosiko.

"Ndiye kafa?" ndinafunsa.

"Iyayi bambo, kali moyo. Kangoiwala."

"Kaiwala zonse?"

"Zina kaiwala, zina kakukumbuka."

Apa ndi pamene ndinayambira kusokera.

A Tamanda anati kabokosiko amakatchula kuti PLC, ndipo memori yake, momwe kamasungira zinthu, inagawidwa ngati zipinda za nyumba. Chipinda china mumakhala malamulo: thanki ikadzaza zimitsa pampu, nthawi ya chigawo ichi ikatha tseka vavu iyi, tsegula inayo. Amenewa sachoka ngakhale magetsi azime mwezi wathunthu. Chipinda china ndi cha zochitika panthawiyo. Kabokosiko kamayang'ana ngati vavu ili yotsegula ndiponso pamene madzi afika, kalemba, kafufuta, kayang'ananso, kambirimbiri inu musanaphethire. Magetsi akathima, zonsezo zimafufutika.

Ndiye pali kachipinda kachitatu, kakang'ono, kosunga manambala oyenera kupulumuka magetsi akazima. Mphindi za madzi a chigawo chilichonse zinali m'menemo. Pa kabokosi ka mtundu uwu, kachipindako kamadalira kabatire kofanana ndi batani la jekete. Kabatireko kanatha.

"Ndiye kakudziwa kuti kayenera kuthirira, koma sikakudziwa kuti kathirire mpaka liti?"

"Eya. Pomwe panali manambala pali ziro. Kakangotsegula vavu, kakuti nthawi yakwana, n'kutseka."

Ndinafunsa chomwe inunso mukadafunsa. Bwanji osaika zonse m'chipinda chosaiwalacho? Anandiyankha kuti makina atsopano ambiri amasunga manambala otere popanda batire, koma ngakhale amenewo pali zina zomwe amawauza dala kuti aziiwala. Akuti kabokosi kakakumbuka kuti pampu imazungulira, magetsi pobwera kakhoza kuidzutsa munthu dzanja lili m'kati. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Makina oiwala dala kuti akupulumutseni, komanso oiwala mwangozi n'kukuumitsirani munda. Mpaka lero sindikudziwa kuti ndiwayamike kapena ndiwakwiyire.

A Tamanda analoza kagetsi kofiira pakona. Anati kanayamba kalekale kuchenjeza kuti batire ikutha.

Alamu anga anakanda m'mutu. "Ife timayesa kakusonyeza kuti zinthu zili bwino."

Kusintha batire sikunatenge nthawi. Kenaka mayiyo anaika zala pa laputopu n'kutembenukira kwa anthu.

"Chabwino, ndiuzeni. Chigawo choyamba chimalandira mphindi zingati?"

Alimi aja anayamba kulozerana.

Manambalawo alimi anagwirizana kalekale, sikimu ikuyamba, atakangana mokwanira. A kumchenga anapatsidwa nthawi yochulukirapo poti dothi lawo silisunga madzi, a kudambo yocheperapo. Amene anawalowetsa m'kabokosi anasamukira kutali, foni yake sikupezeka. Kuyambira pamenepo madzi ankangobwera okha, ndipo palibe anaonanso chifukwa chowerengera.

Alamu anga, omwe munda wawo uli kumchenga, ananena kuti iwo madzi ankawapeza akuyenda popita kumunda, pobwerera kukadya n'kuwasiya akuyendabe. Bambo wina wa kudambo, a Mussa, anadula mawu, akukana m'Chiyao. "Ngwamba, a Lackson. Amenewo anali athu. Inu anu ankatha msanga." Mayi wina anati zigawo zonse zinali zofanana, zinazo ndi nkhambakamwa. Sindikukhulupirira kuti panali wonama. Aliyense ankalankhula ndi nkhope ya munthu amene akukumbukadi. Koma a Tamanda ataphatikiza zomwe aliyense ananena, tsiku limodzi silinakwane.

Ndinafuna kuwaseka, koma ndinakumbuka kuti ine nambala ya foni ya mkazi wanga sindiidziwa pamtima. Inu ya ana anu mukuidziwa? Foni ikagwera m'madzi lero, mungaimbire ndani? Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ife zambiri tazisiya pachala.

Komatu pano ndi pamene ndikusokonezekera zenizeni. Kabokosi kaja sikanawalakwire anthuwa. Kanathetsa mikangano ya madzi, chifukwa kalibe mbale, kalibe mpongozi. Akadapitiriza kusunga mphindizo m'mitu mwawo, bwenzi akukangana sabata iliyonse. Anasiya kukumbuka chifukwa anali pamtendere. Ndiye ndinene kuti analakwa kukhulupirira makina? Kapena kulakwa kunali kusafunsa kuti m'kabokosimo muli zipinda zingati, ndipo chawo chili pa batire yanji?

A Tamanda sakanadikira kuti mlandu uthe. Anapatsa zigawo zonse mphindi zofanana, nasunga manambalawo pa laputopu yawo, n'kuuza komiti kuti ikagwirizana iwaitane. Pampu inalira, madzi anathamanga m'mapaipi, anthu anabalalika kupita kuminda. A Mussa anapita akumwetulira. Alamu anga anatenga makheni awiri othirira n'kulunjika kumtsinje, chifukwa mphindi zofanana pamchenga sizikwana, ndipo azichita zimenezi mpaka msonkhano ugamule.

Ndinawaperekeza pang'ono, ndipo m'njira ndinawafunsa mwakachetechete ngati akukumbukadi kuti nthawi yawo inali yaitali chotero.

"Alamu," anatero, "dzulo ndinali ndi chitsimikizo. Lero sindikudziwanso."

Nanga inu, zimene munagwirizana ndi anzanu, za malire, za madzi, za malo a makolo, akukusungirani ndani, ndipo munamufunsapo liti ngati akukumbukabe?