Pepala la Kukhoti Limene Ndinalibe

Bambo a ana anga atamwalira, ndinakwera minibasi ya shapa kuchoka ku Meponda kupita ku Lichinga kukafunsa za penshoni yawo ya uphunzitsi. Tinakhala m'banja zaka makumi awiri tisanasiyane, ndipo ngakhale titasiyana, ankanditumizirabe kangachepe mwezi uliwonse.

"Mayi, pepala la kukhoti losonyeza kuti ankakuthandizani lili kuti?" anandifunsa mlembi wa mu ofesiyo.

"Ukwati wathu unathera pamaso pa ashehe ndi ankhoswe, bambo. Kukhoti sitinapiteko."

Anandiuza kuti ndidzabwerenso Lachiwiri. Ndinabwerako katatu. Ulendo womaliza ashehe anandiperekeza kuti akandichitire umboni, koma mlembiyo sanawapatse ngakhale mpando. Anangobwereza funso lomwe lija, maso ali pa foni yake. Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo, ndipo sindinapondekonso.