Masamu a Pakhonde ku Chinsapo

Tinalowa Fomu 1 tili ambiri, moti ena ankakhalira njerwa kumbuyo kwa kalasi. Sukulu yathu inali yoyendera, chakumapeto kwa Chinsapo, kumene nyumba zimayamba kutalikirana ndipo maenje a oumba njerwa amayamba kuchuluka. Ambiri tinali ana a pomwepo. Ena ankachokera ku Njewa wapansi, ndipo panali mtsikana mmodzi wa ku Biwi, wamfupi, wosakonda kulankhula, amene ankafika fumbi lili m'mawondo. Ine ndinkakhala naye desiki imodzi.

Mayi amene ankatiphunzitsa Chingelezi anayambitsa kwaya m'kalasi mwathu, ati tidzakapikisane ndi sukulu za m'tauni. Tinkaphunzira nyimbo tikaweruka, njala ili m'mimba, iwo akumenya m'manja. Ku mpikisanoko sitinapite. Malo oyamba amene tinaimba pagulu anali pa maliro a mayi omwewo. Kuyambira pamenepo ahedi anazolowera. Kukagwa zovuta, kaya mphunzitsi, kaya mkazi wa mphunzitsi, kaya kholo la mnzathu, ankangosuzumira pakhomo la kalasi, ife n'kuyamba kulongedza makope. Tinkakwera lole, mayunifolomu ali m'thupi. Manda a ku Kawale ndi a ku Chinsapo tinawadziwa njira zake zonse. Pa maliro onsewo olankhula ankati malemu adwala nthawi yaitali, n'kusiyira pomwepo. Dzina la matendawo aliyense ankalidziwa, koma silinkatuluka m'kamwa.

Chaka cha njala chinatipeza mu Fomu 2. Anzathu ena ankajomba kukaimira makolo awo pamzere wa chimanga, ena anapita kumudzi osabwereranso. Atsikana angapo anakwatiwa. Pofika Fomu 3 njerwa za kumbuyo zija zinalibenso wozikhalira, ndipo maphunziro ena ankangodutsa opanda mphunzitsi. Tinkakopera manotsi a ana a sukulu zina, amene tinkabwereka kwa anzathu a kutchalitchi.

Amene anatigwira kuti tisabalalike anali aphunzitsi a masamu. Anali a ku Thyolo, aatali, okonda kuseka, ndipo Chichewa chawo chakummwera tinkachiyerekeza iwo akatuluka. Ankaphunzitsanso sayansi popeza panalibe wina. Zida zoyesera zinthu sukulu inalibe, ndiye ankazijambula pabolodi n'kumati tiziloweze maonekedwe, tsiku la mayeso tisadzathawe pozipenya koyamba. Ankatiuza kuti wokhoza masamu yekha ndi amene angayembekeze koleji, ndipo tinkawakhulupirira. Kwathu bambo anga anali mlonda pa nyumba ina ku Area 47, ndipo abale anga aang'ono onse ankauzidwa kuti adikire ine ndimalize.

Titayamba Fomu 4 aphunzitsiwo anayamba kutsokomola. Kenako kolala ya shati inayamba kuwakulira. Ankaphunzitsa atakhala pansi, wina wa ife n'kumawalembera pabolodi. Teremu yachiwiri ili pakati anasiya kubwera. Ahedi anati alembera akuluakulu kuti atitumizire wina, koma ifenso tinkadziwa kuti palibe amene adzabwere. Mayeso anali atayandikira, ndipo buku la masamu tinali tisanalifike ndi pakati pomwe.

Monitala wathu, mnyamata wamkulu msinkhu amene kumapeto kwa sabata ankagulitsa makala panjinga, ndiye anati tiwatsatire kunyumba. Aphunzitsiwo ankakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kwa chigayo. Akazi awo atationa tadzaza pabwalo anatifunsa ngati tabwera kudzawaona kapena kudzawamaliza. Koma aphunzitsi anamva ali m'kati, n'kuitana kuti awatulutsire mphasa pakhonde.

Umo ndi mmene sukulu yathu inasamukira pakhondepo. Tikaweruka tinkapita komweko. Monitala anapeza chidutswa cha pulaiwudi n'kuchipaka makala osinja osakaniza ndi madzi kuti chide, ndipo choko tinkatola zidutswa za kusukulu. Aphunzitsi ankagona chammbali, mutu pa pilo, n'kumanena, wolemba ankalemba, ife tinkakhala pansi pafumbi, makope pamwendo. Chigayo chikalira tinkayandikira mpaka kuwazungulira, chifukwa mawu awo anali atachepa. Nthawi zina ankaima pakati pa samu, n'kutseka maso, ife n'kumadikira osadziwa ngati akuganiza kapena agona. Ndinkayang'ana chifuwa chawo kuti ndione ngati chikukwera. Mantha anga anali awiri, ndipo sindinkatha kuwalekanitsa: kuti munthuyu atisiya, ndiponso kuti atisiya tisanafike mitu yakumapeto.

Tinkabwera ndi timene tapeza. Wina kabichi, wina nthochi, anyamata ankatunga madzi. Akazi a aphunzitsi ankangolandira. Anali atayesa kutchalitchi, anali atayesa kwa asing'anga ku Mgona, ndipo mankhwala a chifuwa anali atatha osasintha kanthu.

Tsiku lina tinawapeza ali ndi zilonda m'kamwa, akulephera ngakhale kumeza phala. Anayesa kuyamba samu, mawu osamveka. Wolemba anangoima ndi choko m'manja. Apo m'pamene mnzanga wa ku Biwi anadzuka, n'kukagwada pafupi ndi mphasa.

"Aphunzitsi, mayi anga anali chonchi. Anakayezetsa, anawapeza nako kachilombo. Akumwa mankhwala aja, pano abwerera kumsika. Pitani mukayezetse."

Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa za mayi ake, ngakhale ine wokhala naye desiki imodzi. Ena anaweramitsa mitu, wina kumbuyo anaseka ndi manyazi. Aphunzitsi anatembenukira kukhoma. Akazi awo anatuluka m'nyumba n'kumufunsa ngati makolo ake anamuphunzitsa kulankhula chotero ndi akuluakulu. Anatithamangitsa tonse, bolodi lathu n'kuliponya pabwalo.

Masiku otsatira anali oipa kuposa onse. Pakhonde panatsekedwa. M'kalasi ena anamutembenukira mnzanga uja, ati watiphera masamu ndi pakamwa pake. Nkhani ya mayi ake inafika mpaka Fomu 1, ndipo atsikana ena anasiya kumwera naye kapu imodzi pampopi. Iye ankabwerabe, n'kukhala pamalo pake. Tinayesa kuphunzitsana tokha. Monitala ankaima kutsogolo ndi buku, n'kuwerenga chitsanzo, koma akafika pamene buku ladumpha njira tonse tinkangoyang'anana. Mnyamata wina wa ku Njewa, amene ankakhoza kuposa tonse, anang'amba pepala lake n'kuyamba kulira ngati mwana. Ine ndinkabwerera kunyumba n'kumauza bambo kuti zikuyenda.

Patapita nthawi, akazi a aphunzitsi anabwera okha kusukulu pa nthawi yopuma. Anaima pansi pa mtengo wa kesha n'kutuma mwana kuti akaitane mtsikana wa ku Biwi. Ine ndinamuperekeza poopa kuti akamukalipiranso. Sanakalipe. Anafunsa, maso ali pansi, kuti mayi ake anapita khomo liti, ananyamula chiyani, ndipo ngati angalole kuwaperekeza. Pomaliza anati:

"Mwana wanga, aphunzitsi anu sakuthanso kuima. Ndiwanyamula bwanji?"

M'mawa mwake anyamata anawakweza panjinga ya makala ija, awiri atawagwira uku ndi uku, monitala akukankha, mpaka pasiteji. Minibasi yoyamba kondakitala atawaona anati yadzaza. Yachiwiri inawatenga chifukwa mayi a mnzanga, amene anali atafika kuchokera ku Biwi, anakwera n'kukhala pampando wakutsogolo osasuntha mpaka odwala atalowa. Anali mayi onenepa bwino, amphamvu, ndipo ndinaona akazi a aphunzitsi akuwayang'anitsitsa mikono.

Kuchipatala anawapeza nako, iwo ndi akazi awo omwe. Koma ofuna mankhwalawo anali ambiri, ndipo panali masiku obwerera, maphunziro a kamwedwe kake, ndi kudikira. Tinkasinthana kukawagwirira malo pamzere kuti iwo azifika dzuwa litakwera. Ndinaimapo pamzerewo ndi kope la sayansi m'manja, pakati pa anthu ogona pa zitenje, ndikuloweza zithunzi za zida zimene ndinali ndisanazigwirepo. Atayamba kumwa, mankhwalawo anayamba awagwetsa kaye. Ankasanza, thupi linatuluka zidzolo, ndipo pakhonde sitinabwererenso.

Mwambo wotsanzikana wa Fomu 4 unachitikira m'kalasi mwathu momwemo, madesiki titawakankhira kukhoma. Panali sikono ndi zakumwa zosungunula mu ndowa. Ahedi analankhula za tsogolo lowala, wojambula anatijambula titaima pamzere panja, ndipo mpando wa aphunzitsi a masamu tinausiya wopanda munthu. Kenako tinalemba mayeso. Pepala la masamu ndinaliyankha mbali imene tinaphunzira pakhonde. Masamba otsalawo ndinangowatembenuza, n'kukhala manja ali pamwendo mpaka nthawi itatha. Nditayang'ana m'mbali ndinaona kuti ambiri akhala chimodzimodzi.

Zotsatira zitatuluka, amene anapeza satifiketi anali owerengeka, ndipo ku koleji sikunapite aliyense. Mnyamata wa ku Njewa anakhoza zina zonse bwino, masamu n'kungodutsa pang'ono. Anakayamba kuumba njerwa ndi amalume ake. Mnzanga wa ku Biwi analephera, n'kukakhala pabenchi ya mayi ake kumsika. Ine ndinalephera masamu ndi sayansi. Bambo atamva sanandikalipire. Anavala jekete lawo la ulonda n'kunyamuka msanga kuposa masiku onse.

Aphunzitsi anachira. Chaka chotsatira anabwerera kusukulu, thupi litabwerera, akuseka ngati kale, ndipo kalasi imene inali pambuyo pathu inamaliza buku lonse. Ndinakumana nawo tsiku lina ku Old Town ndikugulitsa mafirizi pafupi ndi depoti. Anandizindikira, anaima, n'kufunsa za aliyense mmodzimmodzi. Ndinawauza zimene ndinkadziwa. Kenako anati ndikalembetse sukulu yamadzulo, masamu adzandithandiza okha Loweruka lililonse. Ndinavomera. Koma nthawi imeneyo mng'ono wanga anali atasankhidwa kupita ku Fomu 1, ndipo kunyumba tinali titagwirizana kale kuti tsopano ndi nthawi yake.