Dalaiva ya Printa ndi Ulaliki wa Atate

Ndinanyamuka pa Madzimoyo Loweruka cha m'ma seveni koloko m'mawa, mtima uli m'mwamba. Mawa lake atate ankalalikira komaliza asanatule udindo wa mkulu wa mpingo, koma maso awo anali atachita ng'ala moti zolemba zawo zomwe sankathanso kuziwerenga. Ine, ndi kamwa langali, ndinali nditawalonjeza kuti ndiwasindikizira ulaliki wonse m'zilembo zikuluzikulu.

Ndinalonjeza chifukwa ndinali ndi kompyuta, yomanga ndekhanso, ine Esinati mphunzitsi wa masamu. Bokosi lake ndinagula pa okushoni ya ofesi ina m'tauni, bodi yam'kati ananditumizira achimwene kuchokera ku Lusaka ataikulunga mu juzi, ndipo printa anandipatsa amalume a Banda a ku Mwami, mlongo wawo wa malemu amayi. Zonse zinkayenda, kupatula dalaiva, kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa kompyuta ndi printa. Popanda iko printa inkangolemba tizilembo ting'onoting'ono. Ndikaituma zazikulu, inkalira ngati chigayo n'kulavula mapepala odzaza mitanda ndi mivi. Atate atamva phokosolo anati makinawo akulankhula malilime, tiwapezere womasulira.

Minibasi ya ku Chipata inandipeza pamsewu waukulu. Ndinalipira wanu sauzande n'kukhala pakati pa thumba la mtedza ndi mayi wina wonyamula wilo la njinga. Mayiyo ataona milomo yanga ikugwedera anandifunsa ngati ndikupempherera matayala. Ndinamuuza kuti ndikuloweza nambala ya printa. Anandiyang'ana mwachifundo n'kundigawira nzimbe.

Cha m'ma naini ndinali pa kashopu kotaipira makalata pafupi ndi msika. Mwini wake, bambo wa magalasi okhuthala, anakhuthula katoni yonse ya madisiketi osungiramo mapulogalamu patebulo, n'kumawerenga limodzi ndi limodzi kufunafuna dalaiva ya printa yanga. Palibe. Anati printa yangayo ndi yakale, amene anaipanga anaiwala kuti anabalapo mwana woteroyo, ndiyese dalaiva ya printa ina yofanana nayo. Ndinali nditayesa kale zitatu. Ndinamupempha kuti angondisindikizira pa makina ake, iye n'kuloza printa yake yofunditsidwa nsalu: inki inatha, akudikira ya ku Lusaka. Kenako anafuna kudziwa kuti ndi bambo uti anandimangira kompyutayo. Ndinamuyankha kuti sikuludalaiva sifunsa ngati wavala diresi. Anaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo anandilangiza kuti ndikafunse kwa amene anandipatsa printayo, poti disiketi yake imabwera m'katoni momwemo.

Takisi ya ku Mwami inali ya anthu anayi, koma tinalowamo asanu ndi awiri, osawerengera mtolo wa zitenje umene unandikhalira pamiyendo. Mnzanga wapambali ankapita ku Mchinji kukaona mdzukulu, ndipo njira yonse anandifotokozera za mwanayo ngati kuti ndi ine ndinamubadwitsa. Titayamba kupyola mzere wa malole odikira pachipata cha m'malire a Zambia ndi Malawi, ndinatsika mwendo umodzi utachita dzanzi.

Amalume anali kalaliki pa kaofesi kothandiza amalole kulemba mapepala a katundu. Ndinawapeza atamanga tayi m'kutentha konse kuja. Kwa amalume sufikira kunena chimene wadzera. Anandifunsa za atate, za achimwene, za mkulu wa sukulu yathu, ngakhale za nkhuku, uku atatumiza tiyi ndi vitumbuwa. Ine ndinkangoba maso kuyang'ana wotchi yapakhoma. Itakwana thwelofu m'pamene ndinatchula za disiketi.

Nkhope yawo inawala. "Mwana wa mlongo wanga, ine sindinatayepo pepala chiyambire ntchito."

Anatsegula kabati, chala chikuyenda pa mafayelo, n'kusolola imodzi yolembedwa bwinobwino kuti ndi ya printa. Anaitsegula monyadira. Munali buku la malangizo, kalata imene printayo inabwera nayo, ndipo pamwamba penipeni panali disiketi, ya zikuluzikulu zofewa zija. Amalume anali ataiboola mabowo awiri ndi panchi, n'kuipisa chingwe cha fayelo kuti isasowe. Anaidindanso chidindo cha tsiku limene anailandira.

Mayo ine! Ndinangokhala pampando, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Ndinachita zonse ziwiri. Nditawafotokozera kuti zolembedwa zimakhala pa kambale kam'katimo, pamene panadutsa panchipo, amalume anakweza disiketiyo n'kusuzumira pabowo. Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkadzimvera ndekha, chifukwa munthu uyu anali asanalakwitsepo fayelo moyo wake wonse.

Kenako anafunsa kuti kwenikweni alamu awo akufuna chiyani. Ndinatulutsa ulaliki umene printa yanga inalemba m'tizilembo take tija. Anauyang'ana, n'kuvula jekete. Anatsitsa makalendala akale pamwamba pa kabati, anawatembenuza kumbuyo koyera, n'kuyamba kujambula mizere ndi rula ndi pensulo. Atatero anatenga cholembera chakuda cholembera pamakatoni.

"Werenga pang'onopang'ono," anatero.

Tinagwira ntchitoyo mpaka folo koloko, ine kuwerenga, iwo kulemba, chilembo chilichonse chachikulu ngati bokosi la machesi. Woyendetsa lole wina anagogoda pawindo kawiri konse, amalume n'kumuuza kuti adikire, muno muli ntchito ya Mulungu. Pena anaima n'kunena kuti alamu alakwitsa nambala ya vesi. Tinatsutsana, anatulutsa Baibulo m'dirowa, ndipo zinapezeka kuti olondola ndi iwo. Apa m'pamene anamwetuliranso.

Pobwerera ndinafungatira mpukutu wa makalendalawo mu takisi ndi mu minibasi momwe, osalola kondakitala kuuika kumbuyo. Ndinafika pa Madzimoyo dzuwa litapendeka. Atate anali pakhonde, akundidikira. Ndinawapatsa tsamba loyamba manyazi atandigwira. Analitambasula pamaondo, n'kuwerenga mokweza ndime yonse yoyamba osaphonya liwu. Ndinali ndisanawamve akuwerenga okha kwa zaka ziwiri. Kenako anasiya, n'kusisita zilembozo ndi chala.

"Izi sanalembe makina ako."

"Ayi, atate. Alemba ndi amalume."

"Ndaona. Iwo ndi amayi ako anaphunzira kulemba kwa mphunzitsi mmodzi. Makalata a amayi ako ankaoneka chonchi."

Anapempha tsamba lachiwiri, ndipo ine ndinakhala pansi pambali pawo n'kumawapatsira limodzi ndi limodzi mpaka lomaliza.

Dalaiva ija achimwene anadzaipeza patapita miyezi iwiri, ndipo printa inayamba kumvera. Koma ulendo wa ku Mwami unandichotsa matama. Ndinkayesa kuti poti kompyuta ndamanga ndekha, lonjezo langanso ndilisunga ndekha. Lamulungu lija atate anaima paguwa ndi makalendala akale m'manja, nalalikira mpaka pa Ameni popanda wowanong'oneza.