Kanyali kamene kankayakira pakhomo pa agogo

Amalume anga anasintha matayala a galimoto yawo chaka chimene soya anayenda malonda. Galimotoyo inali yoyera, yotakata kumbuyo, ndipo inabwera kuchokera kunja ili ndi malimu akuda osapatsa kaso, zitsulo zija zovekapo matayala. Mavenda anzawo pa Mitundu ankawaseka kuti galimoto ya bwana yavala nsapato za mlonda. Tsiku lina anapita m'tauni n'kubwerako ndi malimu anayi onyezimira, ndi matayala ake omwe. Akale aja anandikunkhunizira ine.

"Awiri uike kungolo, awiri usunge mushedi. Usandivutitsenso ndi nkhani ya matayala chaka chino."

Ine ndinali woyendetsa ngolo yawo. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi agogo, mayi awo a amalumewo, m'mudzi wa m'mbali mwa msewu wafumbi wochoka ku Mitundu kupita ku Nathenje. Nditakula, amalume ananditenga kuti ndiziwatutira njerwa, manyowa ndi matumba, ndipo ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo. Sindinali munthu wolankhulalankhula. Pakhomo pa eni ndinazolowera kupenya kwambiri n'kutseka pakamwa.

Wowotcherera zitsulo anakonza ngolo kuti matayala aja alowe. Madzulo aliwonse ndinkaiimika mushedi, matayala awiri otsala aja atatsamira khoma, ndipo galimoto inkagona pompo, pafupi moti chitseko chake chinkakhudza ngoloyo.

Pasanathe masiku, kanyali kachikasu kanayamba kuyaka kutsogolo kwa chiwongolero. Kankaoneka ngati kamtsuko kokhala ndi kandodo pakati. M'mawa polimitsa galimoto kankakhala kozima. Koma amalume anali ndi sikelo yawo ina yogulira soya pa Nathenje, ndipo masiku amenewo ankadutsa msewu wa kwathu pafupifupi tsiku lililonse. Akangofika pa mtengo wa mkuyu umene uli pafupi ndi nyumba ya agogo, kanyali kaja kankayamba kuphethira, kenako n'kuyakiratu osazimanso mpaka mawa lake.

Anafunsa anthu. Wina anawauza kuti ndi mpweya, ndipo anapopetsa matayala onse mpaka galimoto kumadumpha ngati chule m'mabampu. Kanyali sikanasinthe. Makaniko wina anazula waya wa batire n'kubwezeretsa. Wina anati amate tepi yakuda pamenepo aiwale. Akazi awo ndi amene anayang'anitsitsa chithunzicho tsiku lina n'kunena kuti, "Koma inu simukuona kuti iyi ndi nsupa?"

Mwezi womwewo amalume anagunda mbuzi ya eni, mwana wawo anagonekedwa m'chipatala ndi malungo, ndipo matumba ena a soya anapezeka atafumbwa. Anapita kwa mneneri wina wa pa Mitundu, amene anawauza kuti munthu wokalamba wa magazi awo wawamanga miyendo.

Ndisaname, agogo sanali munthu wofewa. Ankagulitsa fodya wa m'mphuno pakhonde, ndipo panalibe munthu m'mudzimo amene sanamutukwanepo. Ineyo anandilera ndi mkuwo ndi kamtengo ka pichesi. Koma ndi iwo amene anagulitsa nkhumba yawo yokhayo kuti ndifike fomu thu, pamene achibale ena onse ankayang'ana kumbali. Munthu wa pakamwa potero savuta kumunamizira.

Lolemba lina amalume ananditenga pagalimoto kuti ndikakweze matumba ku Nathenje. Titafika pa mkuyu paja, kanyali kanayamba kuphethira. Anaponda buleki fumbi kobo, n'kukhotera pabwalo la agogo.

"Amayi, tulukani mudzaone ntchito yanu!"

Agogo anali pakhonde, akusefa fodya. Sanadzuke.

"Wabwera ndi chiyani, iwe? Shuga?"

"Ndikuti bwerani muone. Kwina konse galimoto imayenda bwino. Ndikangofika pakhomo panu pano, ichi chayaka. Mukufuna ndifere pamsewu kuti mudye chiyani?"

"Ndikanakhala ndi mphamvu zimenezo, ndikanayamba ndi kukonza mutu wakowo, osati chigalimoto."

Anthu anali atayamba kusonkhana. Amayi amene ankabwera kudzagula fodya anabwerera chafutambuyo, ndalama ili m'manja. Amalume anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Loweruka ndikubwera ndi munthu wa Mulungu. Tidzakumba m'nyumba muno ndi kuseri konse. Chimene tidzapeze tidzatentha, ndipo inu mudzanyamuka kupita kwa mng'ono wanu ku Dzalanyama. Pano simukhalanso."

"Nyumba ino ndinaumba njerwa zake iwe ukudya dothi," anatero agogo. "Udzandinyamula ndili m'bokosi."

Ine ndinali nditaima pafupi ndi galimoto, osanena kanthu. Agogo anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kulavula pansi. Ndinadziwa kuti malovuwo anali anga, osati a mwana wawo.

Ndinkadziwa mmene kukumba koteroko kumathera. Wokumba salephera kupeza kanthu. Ndipo nkhalamba ikangotchulidwa mfiti pagulu, sipakhalanso woitungira madzi, ndipo ena amayamba kutola miyala.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkachidziwa koma ndinkaopa kuchinena. Tsiku lina m'mbuyomo ndinapita nawo amalume m'tauni kukatenga feteleza, ndipo kanyali kanayakanso, tili pa msewu wa tala, kutali ndi kwa agogo. Nditawalozera, anati, "Ndiye kuti akunditsatira." Koma ine ndinaona kuti mtunda umene tinayenda kanyali kasanayake unali ngati womwe uja wochoka kunyumba kufika pa mkuyu.

Lachinayi m'mawa ndinamva amalume akukuwa mushedi. Kanyali kanali katayaka galimoto isanasunthe n'komwe, ndipo ulendo uno sikanaphethire, kanangoti ngwee.

"Afika pakhomo panga tsopano! Amva za Loweruka!"

Atachoka, ndinapita kukakoka ngolo kuti ndimange ng'ombe. Inali itapendekeka. Tayala lakumanzere linali litaphwa, msomali uli njo, umene ndiyenera kuti ndinauponda dzulo lake pa uvuni wa njerwa. Ndinakhala pa goli kwa kanthawi ndikuyang'ana tayalalo. Masiku onsewa kanyali kankazima galimoto ikagona pafupi ndi matayala ake akale. Lero limodzi mwa matayalawo laphwa, ndipo kayaka pompo. Sindinamvetse kuti zikugwirizana bwanji, koma ndinaona kuti si za mkuyu.

Sindinapite nalo kwa womata matayala wa pa Mitundu, chifukwa ankamwa limodzi ndi amalume. Ndinalimanga pa njinga n'kupalasa mpaka ku Nathenje. Podutsa kwa agogo ndinaona pakhonde palibe munthu, mbale ya fodya ili yovundikira.

Womata wa pa Nathenje anali bambo wachikulire wachisilamu, wa kachisoti koyera ndi ndevu za imvi, amene ankagwira ntchito pansi pa malata m'mbali mwa msewu waukulu. Anayang'ana tayalalo, n'kuyang'ana njinga yanga.

"Achimwene, galimoto yake mwaisiya kuti? Kapena mukugula pang'onopang'ono, mwayambira tayala?"

"Ndi la ngolo, bambo."

"Ngolo yanu ndi yapamwamba. Ng'ombe zake zili ndi laisensi?"

Atalichotsa pa limu, anandikodola. Kuseri kwa valavu yopopera mpweya, m'kati mwa limu, munali kabokosi kakuda konga ka machesi.

"Mukakadziwa aka? Ndi sensa. Muli kabatire m'katimu. Kamamva mpweya wa m'tayala n'kumauza galimoto, ngati foni. Tayala lililonse lili ndi kake, ndipo galimoto imadziwa tayo tokha."

Ndinawafotokozera zonse, kupatula za agogo. Anaseka mpaka kukhosomola.

"Ndiye galimotoyo ikulankhula ndi ngolo! Usiku wonse zimagona pamodzi, imamva ana ake ali pafupi, mtima uli m'malo. Ikachoka imayenda ikuitana, ikuitana, ndipo ikaona kuti papita nthawi popanda woyankha, imayatsa nyali. Malimu atsopanowo alibe kanthu m'kati. Lero yamva kuti mwana mmodzi waphwa, ndiye yadandaula pompo."

"Ndiye kukonza kwake?"

"Tichotse timabokosi tonse tinayi, tiike m'malimu atsopanowo. Ntchito ya m'mawa umodzi. Auzeni abwana anuwo abwere, koma osati Lachisanu masana."

Ndinawapempha kuti amate tayalalo, kabokosi akasiye momwemo, ndipo apope mpweya wokwanira galimoto osati ngolo.

Lachisanu ndinayesa kuwauza amalume. Sanandilole kumaliza.

"Iwe wa ng'ombe undiphunzitse za galimoto? Akutuma, eti? Unakulira m'nyumba imene ija, mwina unadyako."

Loweruka m'mawa, iwo atapita kukatenga mneneri pa njinga yamoto, ndinakweza ngolo pa njerwa n'kumasula matayala onse awiri. Pamodzi ndi awiri a kukhoma aja, ndinawalowetsa kumbuyo kwa galimoto n'kufunditsa masaka. Ndinaikamonso makasu awiri amene anandiuza kuti nditenge, okumbira m'nyumba imene ndinakuliramo.

Mneneri anali mwamuna wa msinkhu wanga, wa suti yonyezimira ndi botolo la mafuta m'manja. Atafika tinakwera galimoto, iye n'kukhala kutsogolo ndi amalume. Ine ndinakhala kumbuyo, maso ali pa malo a kanyali kaja. Womata uja sanandiuze kuti izi zingatheke. Ndinangoganiza ndekha kuti ngati galimoto imafuna kumva matayala ake, ndiyende nawo.

Tinadutsa dambo, tinadutsa chigayo. Amalume anachepetsa liwiro, chala chili chire kuti alozere mlendo wawo. Tinafika pa mkuyu. Kanyali sikanayake. Tinalowa pabwalo la agogo, pomwe anthu anali atadzaza kale, ena atakwera pa chulu kuti aone bwino. Injini inali ikulirabe, ndipo poyakira kanyali paja panali bii.

"Mwaona?" anatero mneneri potsika. "Chaona kuti ndabwera, chathawa. Mphamvu za mdima sizingaime pamaso panga."

Anthu anawomba m'manja. Pamenepo ndinazindikira kuti ndikangokhala chete, ntchito yanga yonse ikhala umboni wake.

Ndinatsika, ndinatsegula kumbuyo, ndinachotsa masaka. Mawu anga anatuluka aang'ono, moti ndinachita kubwereza.

"Amalume, musazimitse injini. Ndikayatsa ine kanyaliko."

"Matayala a ngolo yanga akutani muno?"

"Tayang'anani kutsogoloko."

Ndinatola kamtengo ka machesi pansi n'kukanikiza valavu ya tayala limodzi. Mpweya unalira, ana anabwerera m'mbuyo. Ndinakanikizabe mpaka tayala linafewa pansi pa bondo langa. Panapita kanthawi kanyali kasanayake. Kenako mayi wina amene anasuzumira pawindo anakuwa kuti, "Kayaka!"

Ndinafotokoza monga anandifotokozera bambo wa ku Nathenje, za kabokosi, za batire, za shedi imene galimoto ndi ngolo zimagona pamodzi. Ndinati aliyense wofuna akhoza kukwera minibasi kukafunsa yekha, ndipo tayala likhoza kutsegulidwa anthu akuona. Sindinayambe ndalankhulapo mawu ochuluka chotero pagulu.

Mneneri anayamba kunena kuti mdyerekezi amagwiritsanso ntchito zipangizo za azungu, koma mnyamata wina wa kabaza anafunsa mokweza ngati ng'ombe nazonso zikufunika mafuta aja, ndipo anthu anaseka. Kusekako ndi kumene kunathetsa nkhani. Palibe amene anatenga khasu.

Agogo anadzuka pakhonde, atagwira ndodo, n'kubwera mpaka pagalimoto. Anasuzumira, anakayang'ana kanyali kaja nthawi yoyamba.

"Kameneka? Kanthu kochepa ngati chiphaniphani kameneka ndi kamene umati undithamangitsire kuphiri?" Anatembenukira mwana wawo. "Choka pabwalo panga. Tenganso kanyamata kako ka sutika. Maliro anga usadzabwere, ndidzakudzukira."

Amalume sanapepese. Nkhope yawo inali itada. Anataya matayala onse anayi pansi, limodzi limodzi, n'kundiloza.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu, galu iwe amene ndimakudyetsa. Katundu wako ukamupeza panja. Ng'ombe zanga usazikhudzenso."

Galimoto itachoka, anthu anabalalika pang'onopang'ono, ena mokhala ngati amanidwa chinthu. Tinatsala awiri, ine ndi agogo, ndi matayala anayi pafumbi.

"Lolemba lija unali ndi pakamwa?" anandifunsa.

"Ndinalibe chonena, agogo."

"Nthawi zonse umachedwa." Anabwerera kukhonde, kenako osatembenuka anati, "Kuchipinda kwako kuli nkhuku zikuikira. Uzichotse wekha."

Ndinakhala nawo m'nyumba imeneyo mpaka tsiku limene anatuluka m'bokosi, monga ananenera. Ogula fodya anabwerera, ngakhale si onse, ndipo panali amayi ena amene mpaka mapeto ankakoka ana awo akamadutsa pa mkuyu. Amalume anatumiza munthu kudzatenga matayala aja, koma ku Nathenje sanapiteko. Galimoto yawo ndinaiona itaima pamsika wa Mitundu miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo ndinasuzumira pawindo. Pamalo pa kanyali paja anali atamatapo tepi yakuda.